Namwino akaguga: kulimba mtima, chithandizo ndi maphunziro m'wodi ya khansa

Nkhani ya anamwino ikabuka pa wailesi kapena pa Facebook, sipatenga nthawi kuti anthu agawikane pawiri. Ena amati manesi a masiku ano ndi amwano, amakalipira odwala ngati ana, ntchitoyi anailowera ndalama. Ena amayankha kuti, "Kagoneni usiku umodzi m'wodi mukaone nokha." Pakati pa mkanganowo pamagwa mawu achingerezi amene akuluakulu a zaumoyo amawakonda kumisonkhano, monga burnout ndi resilience. Munthu wamba amangomva kuti anamwino akuphunzitsidwa kulimba mtima, n'kudabwa: kodi si kulimba mtima komweko kumene kwawasandutsa ankhanza?

Funso limeneli inenso ndinali nalo. Zaka zingapo zapitazo ndinagona masabata atatu pansi pa bedi m'chipatala china chachikulu, ndili gadiyani wa azakhali anga omwe ankadwala khansa ya khomo la chiberekero. Usiku wina cha m'ma 2 koloko, mayi a pabedi la pakona anatsirizika. A nesi amene anali pa naiti anabwera, n'kuwatseka maso, n'kumanga chibwano ndi bandeji, n'kuwafunditsa chitenje, n'kulemba nthawi m'faelo. Mwana wa malemuwo akugubuduka pansi ndi kulira, iwo anali atafika kale pabedi lathu. Atapeza kuti ndagwiragwira kapaipi ka diripu anandizazira: "Gadiyani, ndakuuzani kangati kuti chimenechi musamachikhudze?" Mumtima ndinati munthu uyu alibe chisoni. Kutacha, ndikupita kukatunga madzi kumpopi wa kuseri, ndinawapeza atakhala pa sitepe, nsapato atavula, tiyi atazizira m'kapu, akungoyang'ana khoma. Atandiona anati, "Pepani za usiku zija, mayi. Amayi aja ndawasamala kuyambira February." Sananenenso china.

Zimene ndinaona usikuwo ndi m'mawawo akatswiri anazipatsa mayina, ndipo akhala akuzifufuza kwa zaka 50.

Kuguga kwa munthu pantchito

Amene anatchukitsa mawu akuti burnout ndi Herbert Freudenberger, katswiri wa za maganizo wa ku New York, mu 1974. Iye ankagwira ntchito yongodzipereka pa kachipatala kaulere kothandiza anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndipo anaona kuti anzake amene anayamba ntchitoyo ndi changu, chaka chikamatha ankakhala atazima ngati chikuni. M'Chichewa mawu oyandikira kwambiri ndi a kumunda: kuguga. Nthaka yolimidwa chimanga chaka ndi chaka, popanda manyowa, popanda kuigoneka, siikana kubereka chifukwa cha ulesi. Chonde chatha basi.

Christina Maslach wa ku yunivesite ya California ku Berkeley ndiye anadzaika zizindikiro zake m'ndondomeko, ndipo mafunso oyezera kuguga amene anakonza ndi mnzake mu 1981 akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Zizindikirozo ndi zitatu. Choyamba ndi kutheratu mphamvu za mumtima, moti munthu amadzuka m'mawa ali wotopa kale. Chachiwiri ndi kutalikirana ndi anthu amene ukuwathandiza: wodwala amasiya kukhala Nabanda wa ku Ntcheu n'kusanduka "bedi 14". Chachitatu ndi kuona ngati zonse zimene ukuchita n'zopanda phindu. Chachiwiricho ndi chimene ife agadiyani timakumana nacho n'kuchitcha mwano.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalemba kuguga m'buku lake la mndandanda wa matenda, koma linanenetsa kuti si matenda. Linati ndi vuto lochokera ku nkhawa za kuntchito zimene zakhalitsa osathetsedwa. Kusiyana kwake ndi kutopa wamba n'kwakuti kutopa kumatha ukagona Loweruka ndi Lamlungu, pamene kuguga umapita nako kutchuthi n'kubwerako nako.

Pali abale ake awiri amene anthu amawasokoneza nako. Wina ndi compassion fatigue, kutopa kwa chifundo, mawu amene Carla Joinson anawalemba mu 1992 pofotokoza za anamwino a kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi. Uku kumabwera chifukwa choona ndi kumva ululu wa ena tsiku ndi tsiku mpaka mtima kuchita dzanzi. Winayo ndi moral distress, yomwe Andrew Jameton anaifotokoza mu 1984: kuvutika chikumbumtima pamene ukudziwa choyenera kuchita koma manja ako ndi omangika. Namwino akudziwa mankhwala amene angaletse ululu wa mayi uyu, koma kufamase kulibe. Akudziwa kuti bambo uyu afunika kumutembenuza maola awiri alionse kuti asachite zilonda, koma ali yekha ndi wodi yodzaza. Palibe amene angamuimbe mlandu, koma iye amapita nazo kunyumba.

Zimene zimachitika m'thupi

Mukakumana ndi njoka panjira, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda kwambiri, shuga amachuluka m'magazi, tulo ndi njala zimathawa. Njokayo ikalowa patchire, zonse zimabwerera m'malo. Thupi linapangidwa kuti lizithana ndi zoopsa zobwera n'kupita. Koma kuwodi njokayo sichoka panjira. Thupi likakhala tcheru miyezi ndi miyezi, munthu amayamba kusowa tulo, kupweteka mutu ndi msana, kupsa mtima msanga ndi kuiwalaiwala. Onjezeranipo mashifiti a usiku amene amasokoneza nthawi yogona, ndi lokamu, ntchito yoonjezera yolipidwa imene ambiri amagwira pa masiku opuma kuti apeze ya fizi ya ana.

Chifukwa chake wodi ya khansa imalemera mwapadera

Wodwala malungo amabwera, n'kuchira kapena kumwalira m'masiku ochepa. Wa khansa amakhala m'bale. Mankhwala a kemo, omwe ndi mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, amaperekedwa m'magawo, nthawi zambiri pakadutsa masabata awiri kapena atatu, kwa miyezi ingapo. Namwino amafika podziwa mayina a ana a wodwalayo, mudzi wake, ndi mbuzi imene anagulitsa kuti apeze ya thiransipoti. Wodwalayo akamwalira, namwino wataya munthu womudziwa.

Ndipo ambiri amafika mochedwa. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse: chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Palinso khansa ya kummero imene imatseka njira ya chakudya, khansa ya Kaposi imene imayenda limodzi ndi HIV, ndi khansa ya Burkitt imene imatupitsa nsagwada ndi mimba za ana. Kwa zaka zambiri m'dziko muno munalibe makina a radiotherapy, owotchera khansa ndi cheza champhamvu, moti odwala ankadikira pamndandanda wopita kunja, ena mpaka kutsikira kulichete dzina lawo lisanafike. Amene ankayankha funso lakuti "Nanga za ulendo zili pati, a nesi?" m'mawa uliwonse anali namwino.

Palinso chinsinsi. Achibale amakokera namwino pambali n'kunena kuti, "Chonde musawauze, angataye mtima." Wodwalayo nayenso amamugwira dzanja usiku n'kufunsa kuti, "Mwanawe, ndiuze zoona, ndichira?" Namwino amakhala pakati ngati nyama ya m'sangweji, akusenza chinsinsi chimene si chake. Ena amathawa kemo atasanza ndi kuthothoka tsitsi, n'kupita kwa asing'anga kapena kumapemphero, n'kudzabwera patatha miyezi isanu chotupa chitaphulika.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi ichi. Ife maliro tili nayo njira yake. Timagona pa siwa, timaimba usiku wonse, anthu amabwera kudzatikhuza, timataya dothi, kenako timasesa ndi kumeta. Zonsezo ndi mankhwala: chisoni chimapatsidwa malo ndi nthawi, ndipo sumachisenza wekha. Namwino wa m'wodi ya khansa amaona imfa zambiri pa mwezi umodzi kuposa zimene mudzi wonse umaona pa chaka, koma alibe siwa ngakhale imodzi. Thupi likangopita kumochale, bedi amalipukuta, n'kugonekapo wina amene anali pansi. Palibe amene amamuuza kuti pepani. Chisoni chosaliridwacho sichisowa, chimangounjikana.

Kulimba mtima si kuuma mtima

Apa ndi pamene pali chisokonezo chija. Pamaliro timauza namfedwa kuti "limbani mtima", ndipo kawirikawiri timatanthauza kuti lekani kulira. Mnyamata timamulera ndi mawu akuti mwamuna salira. Choncho tikamva za kulimba mtima timaganiza za munthu wosamva kanthu. Chimene akatswiri amatcha resilience ndi china: kutha kubwerera m'chimake utapindidwa ndi mavuto. Taganizani za legeni lomangira katundu panjinga. Ubwino wake si kuuma ayi, koma kuti limatamuka n'kubwerera. Likauma ndiye kuti latha ntchito, likangokokedwa limaduka. Ndipo ngakhale legeni labwino, mukalisiya lili chikokere padzuwa mwezi wathunthu, silibwereranso.

Kale anthu ankaganiza kuti mphamvu imeneyi ndi yobadwa nayo. Kafukufuku wa Emmy Werner anasintha maganizo amenewo. Iye ndi anzake anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atafika zaka 40. Mwa ana amene anakulira mu umphawi ndi m'mabanja osokonekera, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anakula bwinobwino. Chinthu chimodzi chimene chinkapezeka mobwerezabwereza mwa anawo chinali chakuti anali ndi munthu wamkulu mmodzi wowasamala, kaya agogo, kaya mphunzitsi, kaya woyandikana naye nyumba. Tanthauzo lake kwa anamwino n'lakuti mphamvu yobwerera m'chimake siikhala mwa munthu yekha. Mbali ina ili mwa iye: kudziwa ntchito yake, kuzindikira msanga kuti zinthu sizili bwino, kuona phindu la zimene akuchita. Mbali ina, mwina yaikulu, ili mwa omuzungulira.

Chithandizo chimaoneka bwanji

Chithandizo chakale kwambiri ndi cha anzako a pawodi. Mphindi khumi za tiyi pambuyo popatsirana ripoti, nthabwala zimene munthu wakunja angazione ngati zosayenera, mnzako amene amati "pita ukapume kaye, ndikuonera". M'zipatala zambiri za mishoni ndi za boma zomwe, tsiku limayamba ndi nyimbo ndi pemphero, ndipo kwa ambiri pamenepo ndi pamene amatulira katundu. Vuto lake n'lakuti chithandizo chotere chimadalira mwayi. Ukagwera pa wodi yosagwirizana, ulibe kolowera.

N'chifukwa chake malo ena anachiika m'ndondomeko. Njira ina ndi clinical supervision, yomwe si kuyendera kofufuza zolakwa monga dzinalo lingamvekere. Ndi nthawi yoikika, mwina kamodzi pa mwezi, pamene namwino amakhala pansi ndi mnzake wodziwa zambiri n'kukambirana za odwala amene amuvuta mumtima. Njira ina inachokera kwa wodwala. Kenneth Schwartz anali loya wa ku Boston amene anapezeka ndi khansa ya m'mapapo ali ndi zaka 40, ndipo anamwalira mu 1995. Asanamwalire anakhazikitsa bungwe lolimbikitsa chifundo pakati pa odwala ndi owasamalira. M'menemo munatuluka misonkhano yotchedwa Schwartz Rounds, imene inafika m'zipatala za ku Britain mu 2009. Kamodzi pa mwezi, kwa ola limodzi, aliyense wa pachipatala, kuyambira dokotala wamkulu mpaka wokankha machira, amakhala m'chipinda chimodzi. Anthu atatu kapena anayi amafotokoza za wodwala amene sadzamuiwala. Lamulo lake n'lakuti palibe kupereka malangizo kapena kufunafuna wolakwa. Ndikaiganizira bwino, ndi siwa ija imene namwino ankaisowa.

Pakachitika chinthu choopsa, monga kumwalira kwa mwana mosayembekezeka, kale ankasonkhanitsa onse msangamsanga kuti aliyense afotokoze mwatsatanetsatane mmene akumvera. Kafukufuku anadzasonyeza kuti kukakamiza anthu kulankhula pa msonkhano umodzi wotere sikuteteza ku matenda a maganizo, ndipo ena kumawapweteka. WHO tsopano imalimbikitsa thandizo loyamba la maganizo: kuona amene wavutika, kumumvetsera ngati iye akufuna kulankhula, ndi kumulumikiza ku thandizo limene akufunika. Mu 2022 bungwe lomwelo linatulutsa malangizo a umoyo wa maganizo pantchito, ndipo limodzi mwa iwo ndi lakuti mabwana aziphunzitsidwa kuzindikira wantchito amene akuvutika. Kuwodi bwana ameneyo ndi sista inchaji ndi metroni, amene amalemba ndandanda ya mashifiti.

Maphunziro

Maphunziro amateteza namwino m'njira imene anthu saiganizira msanga: amachotsa kusowa chochita. Wodziwa kusakaniza ndi kupereka kemo mosamala, wovala zodzitetezera zoyenera, wodziwa chochita mankhwala akatuluka mumtsempha, sagwira ntchito ndi mantha. Mankhwalawa ndi oopsa ngakhale kwa amene akuwapereka.

Chitsanzo chachikulu ndi palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto kwa odwala matenda osachiritsika. Cicely Saunders, yemwe anayamba ngati namwino asanakhale dokotala, anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ndipo ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu uli m'thupi, m'maganizo, m'banja ndi mumzimu nthawi imodzi. Ku Africa kuno ntchitoyi inakula kudzera mwa Anne Merriman amene anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, ndi mofini wamadzi, mankhwala amphamvu oletsa ululu, otsika mtengo, amene wodwala amamwa ali kunyumba. Mu 2004 Uganda inalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala mofini. Kwathu kuno malo opereka chisamaliro chotere ndi monga Tiyanjane ndi Umodzi ku Queen Elizabeth Central Hospital, komanso Ndi Moyo ku Salima. Namwino amene waphunzira zimenezi sanenanso kuti "palibe chimene tingachite". Khansayo sangaichotse, koma atha kuletsa ululu, kuchepetsa fungo la chilonda, ndi kuthandiza banja kukonzekera.

Ndiye pali kulankhula. Kuuza munthu nkhani yoipa ndi luso lophunzirika ngati kubaya jakisoni. Njira yodziwika kwambiri ndi SPIKES, imene Walter Baile, Robert Buckman ndi anzawo anaifalitsa mu 2000. Mwachidule imati: pezani malo abata mukhale pansi, funsani kaye zimene wodwala akudziwa kale, funsani kuchuluka kwa zimene akufuna kumva, muuzeni pang'onopang'ono m'mawu osavuta, lolani kuti alire kapena akhale chete, kenako gwirizanani chochita. Mlendo akaimva angati ndi nzeru zachizungu, koma aliyense amene anatumidwapo kukanena uthenga wa maliro akudziwa kuti sufikira pakhomo n'kufuula. Umakhala pansi, umalonjeredwa, umayamba ndi "matenda aja akula". Gawo lofunsa zimene wodwala akufuna kumva ndi limene limamasula namwino pa mkangano wa achibale uja, chifukwa mwini wake ndiye amasankha. Kafukufuku wasonyeza kuti maphunziro otere amasinthadi kalankhulidwe ka ogwira ntchito. Zoti paokha amachepetsa kuguga, umboni wake ndi wochepa.

Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, pamodzi ndi makoleji a mishoni, ndi kumene anamwino athu ambiri amachokera. Koma zambiri za khansa munthu amaziphunzira ali kale pawodi, kwa amene anamutsogolera. Ndinganeneko pano kuti maphunziro a masiku atatu a kuhotela ya kunyanja amathandiza pokhapokha ngati wopitako ndi amene amagwiradi odwala, ndipo akabwerako apeza zipangizo zochitira zimene waphunzirazo.

Pamene akatswiri amasiyana maganizo

Mbali ina imati phunzitsani munthu kudzisamala: kupuma mozama, kugona mokwanira, kudziwa malire ake, kusiya za kuntchito pageti. Zimenezi n'zotsika mtengo, zitha kuyamba mawa, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti zimathandiza ndithu. Mbali inayo imati kuphunzitsa namwino kupirira pamene ali yekha ndi odwala makumimakumi kuli ngati kulalikira nthaka yoguga kuti ibereke. Amaopanso kuti mawu akuti resilience angasanduke chibonga: ukadandaula akuuza kuti ndiwe wofooka.

A mbali yachiwiriyi amatchula kafukufuku wa Linda Aiken wa mu 2002, wochitika m'zipatala 168 za ku Pennsylvania ku America. Anapeza kuti wodwala mmodzi aliyense woonjezera pa namwino ankakweza ndi 23 peresenti mpata woti namwinoyo aguge, ndiponso ndi 7 peresenti mpata woti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30. Nambala yachiwiriyo ndi imene ikutikhudza tonse, chifukwa namwino wotopa amachedwa kuona kuti wodwala wasintha, ndipo amalakwitsa mlingo wa mankhwala mosavuta. Woguga amasiyanso ntchito, otsalawo n'kusenza katundu wake. Malawi inaziona zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene anamwino ambiri anapita ku Britain, mpaka mu 2004 boma ndi mabungwe othandiza anakhazikitsa ndondomeko yapadera imene inaonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi kukulitsa makoleji. Ofufuza amene anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wa madokotala mu 2017 anapeza kuti njira zonse ziwiri zimachepetsa kuguga, koma zosintha kayendetsedwe ka ntchito zinkathandiza kwambiri. A mbali yoyamba amayankha kuti kulemba anamwino okwanira kumatenga zaka ndi ndalama, pamene amene ali pa naiti lero akufunika chomuthandiza lero.

Kunena zonsezi sikufafaniza mwano weniweni. Wodwala wonyozedwa ali ndi ufulu wodandaula, ndipo Nurses and Midwives Council of Malawi ilipo kuti iziona za khalidwe la anamwino. Kuguga kumafotokoza gwero la khalidwe lina, koma sikumalisandutsa labwino.

Zikapitirira kuguga

Pali malire amene tiyi wa anzako ndi tchuthi sizikwaniranso. Munthu akakhala masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa tsiku lonse, osasangalala ndi chilichonse ngakhale kunyumba, akayamba kudalira mowa kapena mapiritsi kuti agone, akamalota za odwala omwe anamwalira, kapena akaganiza zodzipha, amenewo ndi matenda ofunika chithandizo cha akatswiri, ndipo amachizika. Thandizo lilipo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso kwa anamwino a za maganizo m'zipatala za m'maboma.

Chimene chimavuta kwa namwino n'chakuti wa za maganizo wa pachipatala chakecho mwina anali naye kalasi imodzi, ndipo amakumana naye tsiku lililonse pa mzere wa chakudya. Ambiri amaopa kuti nkhani ifika kwa metroni dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake zipatala zina zimakonza kuti mlangizi wa za maganizo wothandiza ogwira ntchito akhale wochokera kunja, wokumana naye pamalo ena kapena pa foni, ndipo faelo yake isasungidwe pamodzi ndi ya kuntchito.